Vavu Yomwe Sinalire

1

Tsiku lomwe mwamuna wanga Gideoni anataya diso lakumanzere, ine ndinali pabenchi ya chipatala ku Namitete, ndikudikira kuti anamwino atsuke chilonda cha paphazi la mayi anga. Linali Lachitatu, cha m'ma leveni koloko m'mawa. Foni inalira m'chikwama. Anali achimwene anga, a Alufeyo.

"Triza, usachoke pomwe ulipo. Tikubwera konko ndi alamu. Paipi yaphulika."

Ndinafunsa funso limodzi lokha, ndipo mpaka lero ndimachita nalo manyazi. Sindinafunse ngati mwamuna wanga anali moyo. Ndinafunsa kuti, "Wayatsa makina ndani?"

Achimwene anangodula foni.

Patapita mphindi makumi awiri analowa pageti pa kagalimoto konyamula fodya. Gideoni anali atagona kumbuyo, mutu wake uli pamiyendo ya achimwene, nkhope atamukulunga ndi shati yomwe inali itasanduka yofiira. Atamva mawu anga anatambasula dzanja kundifunafuna, n'kundiuza kuti ndisalire. Anati anangofuna kundithandiza, kuti pobwera kuchipatala ndipeze ntchito ya tsikulo itatha.

Madokotala anamutumiza ku Lilongwe tsiku lomwelo. Moyo anaupulumutsa, diso analephera.

Dzina langa ndine Triza, kwathu ndi ku Nsaru. Zomwe ndikuuzanizi ndinazisunga miyezi isanu ndi iwiri. Nthawi yonseyo ndinkamusambitsa mwamuna wanga, kumuthira mankhwala pabala, kupemphera naye, ndipo anthu ankandiyamikira kuti ndine mkazi wa mtima wabwino.

2

Bambo athu anali mphunzitsi wamkulu komanso mkulu wampingo. Anamwalira ndili Fomu 3. Achimwene ndiwo anasiya sukulu n'kuyamba kuwotcherera zitsulo pa Msundwe kuti ine ndipitirize. Ndinafika ku yunivesite, kenako ndinapeza mwayi wokaphunzira kunja zaka zitatu.

Zomwe ndinakaphunzira kumeneko n'zovuta kuzifotokoza kumudzi, koma ndiyesa. Umatenga timapepala ta pulasitiki yofewa n'kutitsekera m'thanki yachitsulo yochindikala kwambiri. Kenako umapoperamo mpweya wa kaboni, womwe uja umathetheka ukatsegula botolo la zoziziritsa kukhosi. Mpweya umenewu ukaupanikiza kwambiri n'kuutenthetsa pang'ono, umafika poti sulinso mpweya, koma sunasandukenso madzi. Ukatero umalowerera m'kati mwa pulasitiki ngati mmene utsi umalowerera m'bulangete. Pakapita maola angapo umatsegula potulukira mwadzidzidzi. Mpweya uja pothawa umafufumitsa pulasitiki ngati mandasi, n'kusiyamo timabowo tosaoneka ndi maso. Chotuluka chake ndi siponji yopepuka, yosalala, yosaphwatalala ngakhale munthu aiponde chaka chathunthu.

Mayi anga ankadwala shuga, ndipo ndinkadziwa mmene kamwala kamodzi ka m'nsapato kamadulitsira munthu mwendo. Choncho nditabwerera ndinaganiza zopanga zoyala m'nsapato za anthu a zilonda za kumapazi. Bungwe lina lothandiza odwala linatigulira thanki yakale, ndipo tinaiika m'shedi yomwe kale ankasankhiramo fodya, pafupi ndi Namitete. Odwala anazitcha okha dzina: timatiresi ta m'nsapato.

Tinali atatu. Ine ndinkayendetsa makina. Gideoni, yemwe anasiya kuphunzitsa masamu kuti andithandize, ankayeza mapazi a odwala n'kumadula siponji. Achimwene ndiwo analumikiza mapaipi onse, ndipo ankabwera kawiri pa sabata kudzawayang'ana.

Ntchitoyi inali yoopsa ndipo tonse tinkadziwa. Mphamvu ya mpweya timaiyeza m'mabaa. Tayala la galimoto limapopedwa mabaa awiri kapena atatu. Thanki yathu inkafika mabaa 140. Pamwamba pake panali vavu yachitetezo, yomwe mphamvu ikafika pa 150 inkatseguka yokha n'kulira ngati wezulo ya pampira. Chotenthetsera chathu chinali ndi vuto loti nthawi zina sichinkazima chokha, ndiye tinazolowera kuti vavu ikalira, aliyense amene ali pafupi athamange kukachizimitsa. Vavu imeneyi tinkaikhulupirira kuposa maso athu.

3

Gideoni atayamba kupeza bwino, anafotokoza zomwe ankakumbukira. Anati anadzaza thanki monga mwa nthawi zonse, n'kukakhala pathebulo kudula siponji, atafulatira geji yoonetsa mphamvu ya mpweya. Patapita ola limodzi anamva kaphokoso ka mpweya ukutuluka penapake, ndipo atayandikira kuti aone, paipi inathyoka pajoini n'kumukwapula kumaso.

Paja mwamuna wanga ndi wa masamu. Anagona pabedi lija masiku atatu akuwerengera, kenako anandiyalira maganizo ake. Vavu sinalire. Ngati sinalire, ndiye kuti mphamvu sinadutse 150. Ngati sinadutse 150, ndiye kuti paipi inathyoka pa mphamvu yomwe inayenera kupirira. Ndiye vuto linali ndi amene anawotcherera.

Anandifunsa ngati walakwitsa penapake. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti apume kaye, zoganizaganiza zimuchedwetsa kuchira.

Apa ndiyenera kukuuzani za achimwene. Zaka zomwe ine ndinali kunja, iwo analowerera m'mowa. Mkazi wawo woyamba anachoka, mpingo unawaimitsa. Koma nthawi ya ngoziyi n'kuti atatha zaka zitatu osalawa ngakhale dontho. Anali atabwezeretsedwa pa mgonero, ndipo anali pachibwenzi ndi Lines, telala wa pa Msundwe, mkazi wofatsa yemwe makolo ake anabwera kuchokera ku Phalombe kudzagwira utenanti. Ukwati unali woti uchitike mu Okutobala.

Dzina loipa silichedwa kubwerera. Apongozi anga atafika kuchokera ku Kabudula n'kumva za paipi, anangoomba m'manja. Pofika mawa lake kunali kutamveka kale kuti wina anaona achimwene akutuluka m'bala sabata yomwe ankakonza mapaipi. Zinali zoona, analowadi m'balamo. Ankaika mabagalabazi pamawindo. Koma mbali imeneyo palibe ankaifotokoza.

Loweruka achimwene anabwera kudzazonda wodwala, atanyamula nthochi m'jumbo. M'chipindamo munali apongozi, amalume a Gideoni, ndi odwala ena. Gideoni anawalola kuti apereke moni wonse, kenako anatembenuza nkhope kuti awaone ndi diso lotsala.

"Alamu, mukanangondiuza kuti manja ayambanso kunjenjemera, ndikanapeza wina. Mwana wanga Chiyembekezo azikula ndi bambo wa diso limodzi chifukwa cha botolo lanu. Pakhomo panga musadzapondeponso."

Achimwene sanadziteteze. Anatembenuka n'kundiyang'ana ine, nthawi yaitali, ngati munthu amene akudikira kuti mnzake ayambe nyimbo. Ine ndinayamba kukonza bulangete kumapazi kwa Gideoni, ngakhale linali lokonza kale. Anasiya nthochi zija pansi pafupi ndi chitseko n'kutuluka.

4

Abungwe analamula kuti shedi itsekedwe, ndipo anatilembera kuti Lolemba la sabata yachitatu kudzabwera injiniya wawo kudzafufuza. Chilandirireni uthengawo chakudya chinkandikanika kumeza. Apongozi ankati ndi chisoni, ndipo ankandinyengerera kuti ndidye.

Lamulungu loti mawa lake injiniya afika, ndinavala za kutchalitchi monga mwa nthawi zonse. Tili pakati pa nyimbo yachiwiri ndinanong'oneza mayi wina kuti mutu ukundiwawa, n'kutuluka. Ndinakwera kabaza mpaka pamsewu waukulu, kwinako ndinayenda wapansi kudutsa m'minda kuti anthu asandione.

M'shedi munali momwe anamusiyira. Magazi anali atauma pasimenti, timagalasi ta geji tili mbwee. Ndinakwera pampando ndi sipanala n'kuyamba kumasula vavu ija. Itachoka ndinasuzumira pabowo, kenako ndinalowetsa chala.

Chomwe ndinadzatenga munalibe.

Ndinagwada n'kufunafuna pansi, kuseri kwa masilinda a mpweya, m'bokosi la zitsulo, mpaka diresi langa loyera linada m'mawondo. Kenako ndinayang'anitsitsa vavu yomwe inali m'manja mwanga. Pamazinga ake panali tepi yatsopano, yokulungidwa mwaukhondo katatu, mmene munthu mmodzi yekha ankakulungira. Wina anali atamasula vavuyi ine ndisanafike, n'kuibwezeretsa.

Makiyi a shedi tinali nawo anthu atatu. Mmodzi anali m'chipatala. Wina ndinali ine.

Ndinakhala pampando uja mpaka ndinamva anthu akuweruka ku tchalitchi. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinalira chifukwa cha chisoni. Zoona zake n'zoti mtima unakhala pansi. Ndinadziuza kuti achimwene asankha okha, monga anasankhira kale pondisiyira sukulu, ndipo ine ndingolandira. Ndinamanganso vavu ija, n'kukhoma chitseko, n'kubwerera kunyumba kukaphikira apongozi.

5

Injiniya anali bambo wachikulire, wosalankhula zambiri. Anamasula vavu n'kuiyesa pa makina ake katatu, ndipo katatu konse inalira itangofika pa 150. Anatembenuzatembenuza chidutswa cha paipi, n'kunena kuti kunja kwake joini ikuoneka yowotcherera bwino, koma chitsulo chimabisa zambiri. Anandifunsa ngati tinapyolapo malire. Ndinati ayi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake, n'kulemba.

Lipoti linatuluka patapita milungu iwiri. Linati paipi inathyoka chifukwa cha kuwotcherera kosalongosoka.

Kwa ine zinthu zinayenda bwino mochititsa mantha. Madokotala a bungwe anaona siponji yomwe ndinapanga kutatsala tsiku limodzi kuti ngozi ichitike, ndipo anati sanaonepo yosalala chonchi. Anatipatsa thanki yatsopano yolimba, chotenthetsera chatsopano, ndi anthu a m'tauni odzalumikiza mapaipi. Shedi inatsegulidwanso. Gideoni anabwerera pathebulo lake atavala magalasi akuda. Ankaphonya pothira tiyi m'kapu, ankagunda mafelemu a zitseko, koma sankadandaula. Ankauza alendo kuti chimene chimamulimbitsa mtima ndi mkazi wake.

Kwa achimwene zinali zina. Pa Msundwe anthu anasiya kuwapatsa ntchito. Amene ankafuna ngolo kapena geti ankadutsa pashopu pawo n'kupita kwa wina. Akuluampingo anawaitana. Za mowa anakana kwamtuwagalu, koma atafunsidwa za paipi anangoti alibe mawu, ndipo akuluakulu anatenga kukhala chete kumeneko ngati kuvomera. Amalume a Lines anatumiza uthenga woti ukwati uyambe waima.

Tsiku lina masana Lines anabwera kushedi. Anakana kukhala pampando. Anandiuza kuti iye amawadziwa a Alufeyo akamwa ndiponso akapanda kumwa, poti anawadziwa kale asanasiye, ndipo nthawi ya mapaipi ija sankamwa. Anati akawafunsa amangomuuza kuti adikire, zoona zidzabwera zokha ndi miyendo yake.

"Achemwali, inu ndi amene munaphunzira za makinawa. Kodi palibe china chomwe chikanaphulitsa paipi ija? Ngakhale chaching'ono? Ndingofuna choti ndikawauze amalume."

Ankapotokola nsonga ya chitenje chake. Kumbuyo kwanga thanki yatsopano inkalira pang'onopang'ono. Gideoni anali panja, akuyeza phazi la gogo wina.

"Lines, ine sindingatsutsane ndi lipoti," ndinatero.

Anandithokoza mwaulemu chifukwa chomulandira. Okutobala anafika n'kudutsa. Mu Disembala ndinamva kuti watseka shopu yake n'kupita kwa azakhali ake ku Mchinji.

6

Amene anandituma ku Msundwe ndi mayi. Mu Febuluwale anandiitana ku Nsaru n'kundiuza kuti amva zoti mwana wawo wayambiranso kumwa, ndipo ulendo uno si mphekesera. Anati iwo ndi phazi lawolo sangafikeko. Anandikumbutsa kuti ngakhale analakwa chotani, ndi mlongo wanga, ndipo mwamuna wanga sangandiletse kukamuona.

Ndinafika pa Msundwe dzuwa lili pamutu. Shopu inali yotseka, makina owotcherera kulibe. Mayi wogulitsa tomato anandilozera kuseri. Ndinawapeza atakhala pa tayala lakale atatsamira khoma, ataonda, ndevu zitamera paliponse, kabotolo kali pakati pa mapazi. Atandiona sanadabwe. Anasuntha kuti ndikhale, ine ndinakhala pansi.

Ndinayamba zomwe ndinakonzekera m'minibasi: kuti mayi akudandaula, kuti mowa sungathetse kanthu. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anapisa m'thumba la malaya, n'kutulutsa kachitsulo kozungulira, kaphanthiphanthi, kakakulu ngati chitsekerero cha botolo. Anakaika padzanja langa.

Tsopano ndikuuzeni.

Sabata ya ngozi ija, Lachisanu lake, madokotala a bungwe ankabwera kudzaona ngati ntchito yathu inali yoyenera kupitirira. Siponji yathu inali ndi vuto. Pa mabaa 140 timabowo tinkatuluka tatikulu ndi tosafanana, moti munthu wonenepa akapondapo mwezi umodzi, pachidendene pankaphwatalala. Ndinkadziwa kuti pa 180 tidzatuluka tating'ono. Koma vavu inkatseguka pa 150. Ndinafunsa achimwene ngati angaisinthe, ndipo anakana. Anati mapaipi aja anawasankha ndi kuwawotcherera poganizira 150, ndisayerekeze kupyola.

Ndinali nditatopa ndi mawu a anthu oti mwana wa aphunzitsi anapita kunja kukaphunzira kupanga siponji yotsukira mbale. Lachiwiri, Gideoni atapita ku Mpingu kukayeza odwala, ndinamasula vavu ndekha, n'kuika kachitsulo kaja pansi pake kuti mpweya usaifike, n'kuimanganso. Kunja inkaoneka bwinobwino. Ndinayendetsa makina maso ali pa geji, dzanja lili pa switchi, ndipo siponji inatuluka yokongola kuposa ina iliyonse. Ndinati ndipangenso ina mawa, kenako ndichotse. M'mawa mwake phazi la mayi linatupa, ndinathamangira nawo kuchipatala, ndipo sindinauze munthu aliyense kuti vavu ija ndaitseka pakamwa. Chotenthetsera chinakana kuzima monga chinkachitira. Gideoni anakhala pathebulo atafulatira, akudalira wezulo yomwe sikanalira.

Achimwene anati anakapeza kachitsuloko madzulo a tsiku la ngozi, atabwerera kukatseka masilinda. Ankadziwa joini yawo, ndiye anayamba ndi vavu.

Ndinalira, n'kuwathokoza chifukwa chondisenzera mlandu. Apa ndi pomwe nkhope yawo inasintha.

"Kukusenzera? Triza, ine sindinachotse kachitsuloka kuti ndisenze mlandu wako. Ndinakachotsa kuti mwamuna wako adzamve kuchokera pakamwa pako, osati kwa mlendo wa m'tauni. Ndinati mwina banja lingapulumuke. Kuchipatala kuja ndinakuyang'ana, ndinati ayamba tsopano. Kwa akuluampingo ndinati mawa abwera. Lines ndinamuuza kuti adikire sabata imodzi yokha. Sabata iliyonse ndinkamuuza choncho."

Ndinawafunsa chifukwa chake sanangonena okha.

"Akanakhulupirira ndani? Chidakwa chokhala ndi kachitsulo m'thumba, kapena iwe?" Anatola kabotolo kaja, n'kukayang'ana, n'kukabwezera pansi. "Komanso ndiwe mlongo wanga. Ndinkaganiza kuti ndimakudziwa."

7

Ndinafika kushedi cha m'ma folo koloko. Gideoni anali yekha, akudula siponji, nkhope ataiyandikitsa pathebulo mmene ankachitira chitayireni diso. Ndinazimitsa makina, n'kuika kachitsulo kaja patsogolo pake. Ndinamuuza zonse, kuyambira Lachiwiri lija mpaka Lamulungu lomwe ndinathawa m'tchalitchi, za injiniya, za Lines. Sindinasiye kanthu chifukwa ndinkadziwa kuti ndikaima pang'ono sindipitiriza.

Sanandidule mawu. Nditamaliza anavula magalasi, chinthu chomwe sankachita masana, n'kuwapukuta ndi shati nthawi yaitali. Anafunsa funso limodzi: ngati tsiku lija m'chipatala, pomwe ankawerengera za vavu, ndinkadziwa kale. Ndinati eya.

"Amayi a Chiyembekezo, za disoli ndikanakukhululukirani tsiku lomwelo. Munalakwitsa, munkathamangira odwala, ndikanamvetsa. Koma munaima pafupi ndi bedi langa n'kundisiya nditukwane munthu wosalakwa pamaso pa anthu. Munandikonzera bulangete. Munandibwereka pakamwa panga kuti ndikunamizireni mlongo wanu."

Anaimirira n'kutenga chipewa. Ndinamufunsa komwe ankapita, ndikuganiza kuti anena ku Kabudula. Anati ku Msundwe. Ndinapempha kuti ndimuperekeze poti pamsewu pankamuvuta kuona magalimoto a kumanzere. Anakana.

Mayi wa tomato uja ndi amene anadzandiuza zomwe zinachitika. Anati bambo wa magalasi akuda anafika, n'kugwada m'fumbi pamaso pa achimwene, anthu a pamsika akuona, ndipo anakana kudzuka mpaka achimwene anamudzutsa okha.

Sabata yotsatira ankhoswe a mbali zonse anakumana ku Nsaru, ndipo ndinabwereza zonse pamaso pa mayi ndi apongozi. Mayi anangovula nsapato zawo, n'kuchotsamo timatiresi tija, n'kutiika pambali. Lamulungu ndinaima pamaso pa akuluampingo. Lolemba ndinalembera abungwe ndi injiniya uja. Anatumiza lole kudzatenga thanki, ndipo ntchitoyo anaipereka kwa anthu ena m'tauni. Odwala a kuno amalandirabe timatiresi, koma amadikira miyezi iwiri pomwe kale ankadikira sabata.

Ku Mchinji ndinapita ndekha. Lines anandilandira pakhonde la azakhali ake, n'kundimvetsera mpaka kumapeto. Anati wakondwa kuti dzina la a Alufeyo layera. Kenako anandiuza kuti mu Januwale kunabwera munthu wina, mphunzitsi wofedwa, ndipo chinkhoswe chinachitika kale.

"Mukanabwera mu Novembala, achemwali," anatero. Sanakweze mawu n'komwe.

8

Padutsa chaka tsopano. Ndikuphunzitsa sayansi pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Mpingu. Gideoni akukhala ku Kabudula, anabwerera ku masamu ake. Amabwera Loweruka lililonse kudzaona Chiyembekezo, amadya nafe masana, amandifunsa za sukulu, kenako amanyamuka dzuwa lisanapendeke. Ankhoswe akamufunsa amati ukwati sanauthetse, koma asamufulumizitse. Ine sindifunsa.

Achimwene atha miyezi inayi osamwa. Anagwapo kawiri asanafike pamenepa. Ntchito zayamba kubwerera pang'onopang'ono, ndipo amene amapita nawo ku Lilongwe kukagula zitsulo ndi Gideoni. Ine amandilonjera, amandifunsa za mwana, koma sanandiyitanepo kuti ndilowe m'shopu.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina mukuti cholakwa changa chinali kutseka vavu. N'zoona, ndipo diso la mwamuna wanga silidzabwerera. Koma chimenecho ndinachita tsiku limodzi, ndili wotopa komanso wodzikuza. Chinacho ndinkachita m'mawa uliwonse ndikadzuka, kwa miyezi isanu ndi iwiri, ndili ndi nzeru zanga zonse. Tsiku lililonse ndinkadziuza kuti ndikudikira nthawi yabwino: achire kaye, lipoti lituluke kaye, Khirisimasi idutse kaye. Ndinkadziuzanso kuti poti achimwene akhala chete, ndiye kuti avomera.

Mwina nanunso pali wina amene wakhala chete chifukwa cha inu, kunyumba kwanu, kuntchito, kapena kumpingo, ndipo mwamasulira kuti wakukhululukirani. Musamasulire nokha. Pitani mukamufunse. Mwina akungokudikirani, ndipo pali wina kumbali kwake yemwe akumuuza kuti apirire sabata imodzi yokha.

Ukwati wa Lines unachitika mu Meyi. Achimwene ndiwo anamuwotcherera bedi, ndipo anakana kuti wina aliyense awathandize kulikweza pagalimoto.